Njira yochokera pa doko kukafika ku khonsolo

Mawu amene mlangizi wathu wa zausodzi anayankhula pa msonkhano wa atsogoleri a makomiti a BVC a m'mbali mwa nyanja ya Malombe, m'boma la Mangochi.

   

Nthawi zambiri tikaima pamaso panu chonchi mumadziwiratu zimene tinene: maso a ukonde, kasawala, laisensi ndi nyengo yotseka nyanja. Lero takupemphani kuti tikambirane nkhani ina, ya maudindo ndi makomiti amene amayendetsa dera la mfumu yaikulu. Wina atha kufunsa kuti kodi zimenezi zikukhudzana bwanji ndi nsomba? Tiyankha ndi zimene zinachitika pa doko lina. Dzina la dokolo sititchula, chifukwa eni ake ali pompano ndipo akudzidziwa.

Nonse mukukumbukira kolera ya mu 2022 ndi 2023, mmene inavutira m'boma lathu lino. Pa doko limenelo panalibe chimbudzi ngakhale chimodzi, chonsecho m'mawa uliwonse pamasonkhana anthu ambirimbiri, ena ochokera kutali ndi njinga zawo kudzagula kambuzi. Komiti ya BVC inachita bwino. Inakumana, inagwirizana zopempha chimbudzi ndi mjigo, mlembi analemba kalata yooneka bwino, wapampando anasaina. Kalatayo anatipatsa ife alangizi, ndipo ife tinailandira ndi manja awiri n'kupita nayo. Koma ndalama zimene nthambi ya zausodzi imagwiritsa ntchito si zomangira zimbudzi kapena kukumbira mijigo, choncho kalata ija inangokhala. Pa nthawi yomweyo, komiti ya chitukuko ya kwa gulupu wa dera lomwelo inali ikulemba zofuna za midzi yake. Inalemba mlatho, nyumba ya mphunzitsi ndi mjigo wa kumtunda. Pa misonkhano imeneyo sipanapite munthu ndi mmodzi yemwe wochokera ku doko. Mjigo utabwera, unakumbidwa kumene unapemphedwa, kutali ndi nyanja.

Anthu a pa dokolo anatidandaula, ndipo mbali ina ankanena zoona. Kulakwa kwathu kunali kulandira kalata ija m'malo mowauza kuti bambo, mwagogoda pa khomo losayenera. N'chifukwa chake lero tikufuna tiwerengere limodzi makomo onse, kuyambira pa doko mpaka ku boma.

Tiyambire pansi penipeni. Pansi pali mudzi, ndipo mwini mudzi ndi nyakwawa. Midzi ingapo imakhala pansi pa gulupu. Magulupu angapo amakhala pansi pa mfumu yaikulu, imene pa makalata imalembedwa kuti T/A. Umenewu ndi mzere wa ufumu, ndipo boma limauzindikira kudzera m'lamulo la mafumu la 1967. Mafumu sasankhidwa ndi voti, amalowa ufumu motsatira mtundu wawo. Ntchito yawo mukuidziwa kuposa ife: kusungitsa mtendere, kuweruza milandu ya pamudzi, kuyang'anira malo ndi miyambo, kulandira alendo.

Pambali pa mzere wa ufumu pali mzere wina, wa chitukuko. Umenewu unalimbikitsidwa mu 1998, pamene boma linakhazikitsa ndondomeko ija timaitcha mphamvu ku anthu, pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono. Mizere iwiriyi imayenda moyandikana ngati maboti awiri okoka khoka limodzi la nkacha. Pamene pali gulupu, pali komiti ya chitukuko yotchedwa VDC. Pamene pali mfumu yaikulu, pali komiti ya chitukuko ya dera lonse yotchedwa ADC. Pamwamba pake pali khonsolo ya boma.

Tikhalitse pang'ono pa VDC chifukwa ndi pamene ambiri timaphonyera. Mamembala ake amasankhidwa ndi anthu kuchokera m'midzi ya gulupu ameneyo, ndipo mumayenera kukhala amayi ndi achinyamata. Malangizo a boma amanena kuti gulupu asakhale wapampando wa VDC. Iye ndi mlangizi ndi woyang'anira, kuti komiti ikalakwa anthu akhale ndi kokadandaula. Ntchito yaikulu ya VDC ndi kukhala pansi ndi anthu, kumva mavuto awo, kuwasanja kuti loyamba ndi liti, lachiwiri ndi liti, kenaka kulemba pulani ya chitukuko cha midzi imeneyo, ija mumamva akuti VAP. Kapepala kameneka kamaoneka kachabechabe, koma zimene sizinalembedwemo zimavuta kwambiri kuti zipeze ndalama. Chimbudzi cha pa doko, mathandala oyanikira usipa ndi kambuzi, shedi yogulitsiramo nsomba, msewu wofika kunyanja nthawi ya mvula, zonsezi malo ake oyamba ndi m'menemo.

Mapulani a ma VDC onse amapita ku ADC. Kumeneko kumakhala nthumwi za ma VDC, makhansala, atsogoleri a zipembedzo, oimira amayi, achinyamata ndi a malonda, ndipo mfumu yaikulu imayang'anira. ADC imaona zofuna za dera lonse ndi kusankha zoyenera kutsogola. Pambali pa ADC pali komiti ina imene ambiri simuidziwa, AEC. Imeneyi ndi ya ife ogwira ntchito za boma ndi za mabungwe m'deralo: alangizi a zaulimi, a zaumoyo, a zankhalango, a zachitukuko cha m'midzi, oyang'anira sukulu, ndi ife a zausodzi. Ntchito yathu kumeneko ndi kulangiza ADC pa zaluso, monga kunena kuti chimbudzi cha pa mchenga chimafuna kamangidwe kotani kuti chisagwe ndi mvula yoyamba. Sitisankhira anthu chitukuko. Ndiye taonani vuto lake: ife tikadzutsa nkhani ya doko ku AEC pamene nkhaniyo sinachokere ku VDC iliyonse, anzathu amationa ngati tikungokokera kwathu. Koma ikabwera yolembedwa kale kuchokera ku midzi, ife timangoikira umboni, ndipo mawu athu amalemera.

Kuchoka ku ADC nkhani imapita ku khonsolo. Tikunena khonsolo ya boma la Mangochi, osati ija yoyang'anira m'tauni. M'khonsolo muli makhansala amene munawasankha m'mawodi mwanu, ndipo wapampando wa khonsolo amachokera pakati pa iwowo. Mafumu aakulu amakhala nawo pa zokambirana ngakhale saponya voti, aphungu a Nyumba ya Malamulo nawonso amakhalapo. Bwanamkubwa ndi mkulu wa ogwira ntchito onse a khonsolo, ndipo amatsogolera komiti ya akuluakulu a nthambi za boma yotchedwa DEC. Mkulu wa zausodzi m'boma lino amakhala m'komiti imeneyo. Kuchokera m'mapulani a m'midzi aja, khonsolo imalemba pulani ya chitukuko ya boma lonse. Ngakhale mabungwe omwe si a boma, akafuna kuyamba ntchito m'dera, amayamba aonekera ku DEC, ndipo kawirikawiri amafunsa kuti anthu a kumeneko analemba kuti akufuna chiyani. Doko limene silinalembetse kanthu limadumphidwa popanda munthu wolida.

Sitikukudzudzulani chifukwa chosazolowera njira imeneyi. Mbiri yake njokhotakhota. Makhansala oyamba pansi pa lamulo la 1998 anasankhidwa mu 2000, nthawi imeneyo khonsolo inkatchedwa Asembule. Nthawi yawo itatha mu 2005, dziko linakhala zaka 9 lopanda makhansala, mpaka chisankho cha 2014. M'zaka zimenezo anthu anazolowera kuti ukafuna kanthu uthamangire kwa mfumu, kwa phungu kapena kwa bwanamkubwa. Dzina loti khonsolo linabwerera mu 2010, ndipo makhansala akhala akusankhidwa mu 2014, 2019 ndi 2025, koma chizolowezi chija sichinathe. Tikanafunsa pano kuti ndi ma BVC angati amene anaitanapo khansala wawo kudzaona doko, sitikudziwa ngati manja angakwane asanu.

Tsopano funso lenileni: nanga BVC ili pati pa makwerero onsewa?

Makomiti a BVC ndi akale kuposa ndondomeko ya mphamvu ku anthu. Anayambira konkuno ku Malombe ndi kumtunda kwa mtsinje wa Shire mu 1993, chambo chitatha m'nyanja muno, boma litaona kuti kulondera nyanja palokha silingathe. Ena a ife nthawi imeneyo tinali tisanayambe ndi sukulu yomwe, koma akuluakulu muli panowa munaona ndi maso. Lamulo la zausodzi la 1997 linavomereza kuti anthu azitenga nawo mbali posamala nsomba, ndipo malamulo otsatira a mu 2000 anafotokoza ntchito za BVC, monga kusunga kaundula wa asodzi, maboti ndi zida zophera nsomba, kuunika ofuna laisensi ndi kuonetsetsa kuti malamulo a usodzi akutsatidwa pa doko. Poti makomitiwa anabadwira m'manja mwa nthambi ya zausodzi, anakula akuyang'ana ku ofesi yathu ngati mwana woyang'ana kwa mayi ake. Chilichonse, kaya ndi mkangano, kaya ndi pempho, chimabwera kwa mlangizi. Pa nkhani za nsomba zimenezo n'zoyenera. Koma pa nkhani za chitukuko, BVC imayenera kugwira ntchito ngati nthambi ya VDC, monga mmene zilili ndi komiti ya zankhalango, ya zaumoyo kapena ya sukulu.

Kunena n'kosavuta, koma tikudziwa kuti pali zopinga. Doko si mudzi. Pali madoko ena amene amagwiritsidwa ntchito ndi midzi itatu kapena inayi, mwina ya magulupu osiyana. Alovi ambiri nthawi ya msonkhano amakhala ali pamadzi kapena akugona chifukwa chotopa. Asodzi obwera sali m'kaundula wa nyakwawa, choncho ku VDC sawerengedwa, ngakhale kuti iwonso amamwa madzi omwewo ndi kufuna chimbudzi chomwecho. Amayi ogula nsomba ena amachokera ku midzi ya kutali. Ndiye ku VDC kumadzaza alimi, ndipo mlimi akafunsidwa vuto lake amatchula feteleza ndi mlatho, sangatchule thandala. Sitingamunene. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ngati a pa doko sapita okha, palibe adzawayankhulire.

Pempho lathu ndi lakuti BVC iliyonse isankhe munthu mmodzi kapena awiri oti azikakhala pa misonkhano ya VDC nthawi zonse. Asakhale wapampando chifukwa choti ndi wapampando ayi. Akhale munthu amene amapezeka pamtunda masana, wodziwa kulemba, wosaopa kuyankhula pa gulu. M'madoko ambiri munthu wotere ndi mayi wogulitsa nsomba, ndipo abambo musachite nazo manyazi zimenezo. Ngati doko lanu lili m'malire a magulupu awiri, pitani konse kuwiri. Ndipo inu mafumu athu, tikupempha kuti a VDC akamaitanitsa msonkhano uthenga uzifikanso ku doko, komanso tsiku lake lisakhale Lachisanu masana pamene anthu ambiri ali ku mzikiti.

Tifike pa nkhani imene imavuta kuikamba mafumu ali pomwepo, koma tikaikambira kumbali ikhala miseche. Ndi nkhani ya udindo wa mfumu mu BVC.

Pa doko lina, nyengo yotseka ili mkati, komiti inagwira khoka limene thumba lake linali losokedwa ndi neti ya udzudzu. Anyamata anagwira ntchito usiku, ena anatukwanidwa, mmodzi anang'ambiridwa malaya. Khokalo analisiya kwa nyakwawa kuti ligone. Sanalembe paliponse, ndipo ife sanatiuze. Kutacha, khoka linali litabwerera kwa mwini wake. Nyakwawayo itafunsidwa inati mwini khoka anabwera kudzapepesa mwaulemu, ndipo mwa mwambo wathu munthu wopepesa sabwezedwa. A komiti anati si kupepesa kokha kumene kunachitika usiku umenewo. Ife sitinaone, ndiye sitiweruza. Chimene tinaona n'chakuti kuyambira tsiku limenelo komiti ija sinapitenso kukalondera, ndipo chaka chimenecho pa dokolo nyanja inatsekedwa pa pepala pokha.

Pamenepa panalakwika zinthu mbali zonse. Komiti ikagwira chida choletsedwa, lamulo limafuna kuti chiperekedwe mwamsanga kwa ogwira ntchito a zausodzi amene ali ndi mphamvu yosunga katundu wogwidwa. Chilembedwe m'buku: tsiku, malo, mtundu wa khoka, mwini wake ndi mboni. Mukatero mwaitetezanso mfumu yanu, chifukwa simunaisenzetse katundu woti achibale ndi anzake azidzaigogodera usiku. Nyakwawa ndi munthu, mwini khoka mwina ndi mphwake kapena mkamwini wa pamudzi. Palinso nsomba zija asodzi amapereka kwa mfumu, zimene ena amazitcha mawe. Mwambo umenewo sitikulimbana nawo, koma tivomereze kuti n'kovuta kulandira nsomba kwa munthu Lolemba n'kumulanda khoka Lachiwiri. N'chifukwa chake timati mfumu ikhale mlangizi wa BVC, osati wapampando kapena msungichuma, chimodzimodzi mmene gulupu alili ku VDC. Komiti ikalakwa, anthu apite kwa mfumu. Mfumu ndi komiti zikasemphana, nkhani ikwere kwa gulupu, ikakanika ipite kwa mfumu yaikulu, ndipo ife tidziwitsidwe.

Musamve ngati tikuti mafumu achoke pa nkhani za nyanja. Ku chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, ufumu ndi umene wakhala ukutseka ndi kutsegula usodzi chaka ndi chaka kuyambira m'zaka za m'ma 1950, BVC isanaganiziridwe n'komwe, ndipo asodzi amamvera. Ku nyanja ya Chiuta, m'boma la Machinga, zinayenda mwina: m'zaka za m'ma 1990 asodzi eni ake ndi amene anadzuka, kupanga makomiti awo ndi kukana makoka a nkacha amene anabwera ndi alendo. Kwina mphamvu inachokera ku ufumu, kwina inachokera kwa asodzi. Kuno ku Malombe makomiti anayambitsidwa ndi boma, ndiye tili ndi ntchito yoti mfumu ndi asodzi onse aione komiti ngati yawo.

Nkhani ya chindapusa nayonso imadutsa m'makwerero omwewa. Ma BVC ambiri muli ndi malamulo anu a pa doko: wopha kasawala alipire zakuti, wofika popanda kalata ya msamuko abwezedwe, wosamba kapena kuchita chimbudzi pamalo otsukira nsomba alipire. Malamulo amenewa ndi abwino, koma akakhala m'buku la mlembi mokha ndi mgwirizano wa pakati panu chabe. Tsiku lina mudzagwira mwini makoka wa ndalama zake, adzakutengerani ku khoti, ndipo woweruza adzafunsa kuti mphamvu yolipiritsa munthu munaitenga kuti. Khonsolo ndi imene ili ndi mphamvu yopanga malamulo a m'boma, aja timati mabayilozi, ndipo amayenera kuvomerezedwa ndi nduna yoona za maboma aang'ono. Kuti lamulo la pa doko lanu likafike pamenepo, liyenera kumveka ku VDC, ligwirizanidwe ku ADC, liunikidwe kuti silikutsutsana ndi lamulo la zausodzi, kenaka makhansala alikambirane. Njirayi njotalika, sitikunamizani. Podikira, chilichonse chimene mwalandira chilembedwe, wolipira apatsidwe lisiti, ndipo msungichuma aziwerenga ndalamazo pa msonkhano wa anthu onse. Makomiti ambiri amene tawaona akugwa sanagwe chifukwa cha asodzi ophwanya malamulo, anagwa chifukwa cha ndalama zosalembedwa.

Chotsala ndi malire. Nyanja ya Malombe siili m'dera la mfumu imodzi. Kuzambwe kuli T/A Chimwala, kuvuma kuli T/A Chowe, kumtunda kwa Shire kuli T/A Mponda, ndipo kumwera nyanjayi imakafika kufupi ndi nkhalango ya Liwonde. Dera lililonse lili ndi ADC yake, koma kambuzi sadziwa kuti wadutsa malire. Tsidya lino mukatseka mwamphamvu pamene tsidya linalo akupha usiku, asodzi anu adzakufunsani kuti tikuvutikiranji, ndipo mudzasowa chowayankha. Apa ndi pamene pamafunika bungwe lija la asodzi limene limaphatikiza ma BVC a nyanja yonse, kuti likhale pakamwa pamodzi pokayankhula ndi mafumu aakulu onse ndi khonsolo. Bungwelo limalimba ngati ma BVC akutumizako nthumwi ndi malipoti, osati kungolikumbukira pakamveka za maphunziro okhala ndi alawansi. Kalata ya msamuko nayo ndi chida cha malire omwewa. Msodzi akachoka pa doko lina kubwera kwanu, kalatayo ikuuzani zida zimene ali nazo komanso ngati anachoka bwino kumene akuchokerako. Aonekere kwa nyakwawa monga mlendo, aonekerenso kwa BVC monga msodzi. Asalandiridwe ndi mbali imodzi yokha.

Nyengo yotseka ikubwerayi tiyeni tiyese njira imeneyi tione. Isanafike, BVC iliyonse ikapemphe nthawi pa msonkhano wa VDC, ikanene masiku otseka, zida zoletsedwa ndi dongosolo la kulondera, kuti zilembedwe mu maminitsi a VDC. Ife tikanena zomwezo ku AEC ndi ku ADC mfumu yaikulu ili pomwepo, kuti munthu akadzagwidwa asadzanene kuti ndi nkhanza za anyamata a pa doko. Mukapita ku VDC mutengenso zofuna za doko lanu zitalembedwa, ziwiri kapena zitatu zokha, zimene mwagwirizana kuti ndi zoyamba. Mufunse kuti pulani ya midzi yanu idzaunikidwanso liti, ndipo mulembe tsikulo. A pa doko lija la chimbudzi, kalata yanu tabwera nayo, ili m'chikwamamu. Muitenge, musinthe pamwamba pokha, ipite kwa wapampando wa VDC, ndipo ina yofanana nayo mupatse khansala wanu.

Tikatseka msonkhano uno, alembi nonse mutsalire pang'ono ndi mabuku anu. Tikufuna tilembe dzina la gulupu ndi VDC imene doko lililonse lili pansi pake, chifukwa pali madoko awiri amene mpaka lero sitikudziwa kuti tiwaike mbali iti, ndipo mafumu ake ali pompano atithandiza.